Malaya Achikasu pa Msewu wa ku Edingeni

Njinga yanga inkadya mabuluku. Inkadya mwendo wakumanja wokha, kumunsi kwenikweni kumene nsalu imakhudzana ndi tcheni. Njinga zina zikagwira buluku umangosiya kupalasa, n'kubweza pang'ono, n'kusolola. Yangayi inalibe chisoni chotere. Ikagwira yagwira, ndipo unkasankha wekha choti chitsale, buluku kapena mwendo.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku Luwawa, pa makina ochekera matabwa. Kwathu ndi ku Dedza, koma mapaini anatikoka ambiri, aliyense ndi chilankhulo chake, tonse tikununkha utomoni ndi utuchi. Njingayo anandisiyira mnzanga wina amene ankabwerera kwawo, ndipo itangolowa m'manja mwanga filiwilo inatha, kaja kamalira kuti tikitiki pamtsetse iwe miyendo utaipumitsa. Wowotcherera zitsulo wa kuntchito kwathu anaiyang'ana n'kunena kuti yatsopano ndikaipeza ku boma, koma pakadali pano angoimatiza ndi moto kuti ndiziyendako. Pakadali pano ameneyo anatha zaka.

Kuchokera tsiku limenelo, gudumu likazungulira mapedulo nawo ankazungulira. Pachitunda upalase, pamtsetse upalase, pena paliponse upalase. Mabuleki atathyoka sindinavutike n'kuwakonzetsa, chifukwa ndinali nditaphunzira kubweza liwiro ndi miyendo. Anzanga anaitcha Kapitawo, ati chifukwa siinkalola munthu kupuma. Aliyense wobwereka ankabwereka kamodzi kokha, n'kubwera akutsimphina komanso akutukwana. Ine ndinaikonda. Msewu ndinkaumva m'miyendo, mchenga ndinkaudziwa usanandigwetse, ndipo m'mawa wa chifunga m'mapaini muja munkangomveka matayala okha pa singano zouma, popanda kulira kwina kulikonse.

Mabuluku ong'ambikawo ndi amene anandifikitsa pa khonde la sitolo ina ku Mzimba boma, pafupi ndi msika. Pamenepo pankasoka mtsikana wa ku Edingeni, pa makina opalasa ndi mapazi. Ulendo woyamba anasoka osanena kanthu. Ulendo wachiwiri anangondiyang'ana. Ulendo wotsatira anatambasula bulukulo m'mwamba kuti anzake a pakhondepo aone.

"Kasi imwe, galu wanuyo amaluma mwendo umodzi pera?"

Ndinamuonetsa galuyo atatsamira chipilala. Anadzuka, anaikankha njingayo pang'ono, mapedulo n'kuyamba kuzungulira okha. Anaibweza m'mbuyo, nawo anabwerera m'mbuyo. Anaseka mpaka anagwira chipilala chija.

"Mbwenu ili ngati makina anga," anatero. "Gudumu likayenda, phazi liyende. Ndiye mumapuma liti?"

Ndinamuyankha kuti ndimapuma ndikafika pakhonde pano. Yankho lake linali loti a Chewa pakamwa sitisowa. Anandiphunzitsa kupisa mwendo wa buluku mu sokosi, ndipo ndinamuthokoza kwambiri, koma sindinapisepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikanapisa ndikanabwera ndi chiyani pakhondepo?

Chaka chisanathe tinagwirizana zomanga banja, ndipo vuto linayambira pomwepo. Bambo ake anali munthu wa ng'ombe zake, wa mawu ochepa, ndipo za ife a m'mapaini anali atagamula kale. Ankati anthu a matabwa amabwera ndi lole n'kupita ndi lole. Za Uchewa wanga ndiye osanena: munthu wochokera kumene ana ndi a kuchikazi angadziwe bwanji kuti ng'ombe ya malowolo amaiyang'ana pati? Mwambo wa kumeneko ndi woti mwamuna safika yekha pamudzi wa mkazi. Amatuma thenga, munthu wamkulu wokamulankhulira. Koma bambowo anauza mwana wawo kuti sangalandire thenga la munthu amene sanamuonepo nkhope. Thenga silingapite ndisanaoneke, ine sindingaoneke thenga lisanapite. Ndinapsa mtima, ndinalankhula zambiri pakhonde paja, iye akungopalasa makina ake. Miyezi inapita, ndipo ku Edingeni anyamata obwera ku Joni ndi magalimoto sasowa. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzapeza pakhondepo pali telala wina.

Nzeru inachokera kwa mtsikanayo. Chaka chimenecho, anthu atakolola, akabaza a pa boma ndi eni masitolo ena anakonza mpikisano wa njinga wautali umene sitinauonepo. Unali wa masiku awiri. Tsiku loyamba kuchoka pa boma, kudzera ku Edingeni, ku Embangweni, kukatulukira pa Jenda, n'kukwera ndi tala mpaka kukagona ku Luwawa. Tsiku lachiwiri kuzungulira m'mapaini kulowera ku Chikangawa n'kutsikira ku boma. Msewu wake unkadutsa pakhomo penipeni pa bambo aja.

"Adada njinga amaikonda chomene," anatero. "Paunyamata wawo anachokera nayo ku migodi ya ku Zambia akutchova mpaka kufika pakhomo. Mpikisano sangauphonye. Adzakhala pampando pansi pa muwanga wa m'mbali mwa msewu. Imwe mudzangodutsa, ine ndidzati ndi uyo. Pamudzi simunafike, koma nkhope aiona."

Kuti bambo ake asavutike kundisankha pagulu, anandisokera malaya achikasu. Chikasu chake chinali choti ngakhale ng'ombe ikanatembenuka. Ndinadandaula kuti ndioneka ngati mpendadzuwa, iye anati mpendadzuwa ndi umene ukufunika. Anandichenjezanso kuti ndisakadutse ndili kumchira, chifukwa bambo ake munthu waulesi samuyang'ana kawiri. Atatero ananyamuka kupita kumudzi kutatsala masiku ochepa, kuti akawanyengerere.

Tinanyamuka pa boma kukungocha, kuzizira kwake kolasa m'mafupa. Akabaza anali atachotsa mapilo pa makaliyala awo. Panali olima fodya, ogulitsa makala, ndi anyamata angapo a ku Mzuzu a njinga za magiya ndi zipewa zolimba. Pafupi ndi ine panaima bambo wina wachikulire wa ku Engutwini, wogulitsa mkaka, amene matumba a jekete lake anali atatupa ndi mbatata zowotcha. Anayang'ana malaya anga, anayang'ana njinga yanga yopanda mabuleki, n'kufunsa ngati kwathu ndatsanzika. Wenzulo italira tinalowa m'fumbi.

M'mawa umenewo ndimaukumbuka bwino kuposa masiku ambiri a chaka chathachi. Mapesi ouma m'minda, utsi wa m'midzi uli chigonere pansi chifukwa cha kuzizira, ng'ombe zikutuluka m'makola n'kutitsekera njira ngati msewu ndi wa agogo awo. Amayi pamijigo ankasiya kupopa n'kumatiimbira nthungululu. Pamchenga anzanga ankazyolika, ine ndinkangodutsa, chifukwa Kapitawo mchenga ankaudziwa. Dzuwa litakwera ndinali m'gulu la kutsogolo, ndipo bambo a mkaka aja anali kumbuyo kwanga, akupuma ngati mvukuto koma osatsalira.

Mudzi wake mtsikana uja anali atandilongosolera kambirimbiri. Ukadutsa tchalitchi cha njerwa zosapaka pulasitala pali mtsetse wautali, pansi pake pali muwanga kudzanja lamanja, kuseri kwake khola. Tchalitchi ndinachiona. Ndinakonza kolala ya malaya, ndinawongola msana, ndipo pamtsetsepo ndinaisiya njinga kuti ithamange, miyendo ikuzungulira mwa mtondo wadooka. Ndinkafuna bambo ake aone munthu.

Ndili pakati pa mtsetse ndinaona masamba. Nthambi zaziwisi zinali zitayalidwa kudutsa msewu, ndipo amene anali patsogolo panga anali atayamba kale kutsika pa njinga zawo.

Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Pamudzi pagwa maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kuyenda pansi mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Kaya wanyamula wodwala, kaya ukuthamangira basi, umatsika. Anzanga anangofinya mabuleki. Ine ndinalimbitsa miyendo kubweza mapedulo, koma liwiro linali litakula, ndipo Kapitawo anandinyamula pachishalo n'kundibwezerapo. Ndinaponda tayala lakutsogolo ndi nsapato, fungo la mphira lokhalokha. Masamba aja ankangoyandikira. Kudutsa pamaliro ndili pachishalo, m'mudzi umenewu, nditavala malaya amene munthu sangawaiwale, kunali kudzitsekera chitseko ndekha mpaka kalekale. Ndinakhotetsera njinga m'munda wa mapesi. Mzere woyamba unandidumphitsa, wachiwiri unandigwetsa, ndipo ndinadzuka dothi lili m'kamwa, chigongono chikutuluka magazi, masamba ali patsogolo panga pang'ono.

Palibe anaseka. Bambo a mkaka anandidikira, n'kundilozera malo patsogolo pawo.

"Munali apa, mwana wane. Lowani."

Lamulo limeneli palibe analilengeza pa boma, koma aliyense analitsata. Pakati pa masamba palibe kupitirirana. Mmene mwafikira ndi mmene muyendere, ndipo mpikisano ukayambiranso mbali inayo. Anthu amene posachedwapa ankagundana mapewa m'fumbi tsopano anali pamzere umodzi, zipewa m'manja, mitu pansi. Ngakhale anyamata a ku Mzuzu anamasula zipewa zawo zolimba. Kunkangomveka kulira kwa amayi m'nyumba ina chapatsogolo, ndi tikitiki wa mafiliwilo.

Njinga yanga yokha ndi imene siinkalira tikitiki. Ine ndikuikankha, mapedulo ake ankazungulira okha, pang'onopang'ono, ngati pachishalo pali munthu. Kwa ine zimenezi zinali za tsiku ndi tsiku, moti sindinaganizeko n'komwe. Koma m'mbali mwa msewu munali amayi achikulire amene ankabwera kudzakhuza, ndipo mmodzi anaima n'kugwira pakamwa.

"Ninjani wakutchova?" anafunsa, akuloza njingayo.

Mnzake anayang'ana, anaponya mtolo wa nkhuni pansi, n'kuyamba kulira mokweza kuti ndi iwo, ndi malemu, akwera njinga, akupita. Kulirako kunafalikira mpaka kunyumba ya siwa, ndipo amuna amene anakhala panja anadzuka n'kumabwera kumsewu. Manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. Ndinanyamula njingayo n'kuiika paphewa kuti mapedulo aime.

Nditainyamula choncho m'pamene ndinaona muwanga kudzanja lamanja. Pansi pake panali mpando wamatabwa, woyang'ana kumsewu, wopanda munthu. Kuseri kwake kunali khola, ng'ombe zisanatsekuliridwe ngakhale dzuwa linali litakwera. Ndinaima pomwepo, ndipo mzere wonse wa kumbuyo kwanga unaimanso.

Amene anatsogolera amuna aja anali bambo wamtali wa imvi, maso ofiira. Pambuyo pake ndinadziwa kuti anali bambo ake aang'ono a mtsikana uja, mng'ono wawo wa malemu. Bambo a mkaka anawapepesa m'malo mwa tonse, n'kuwalongosolera kuti njingayo ndi yowotcherera chabe, palibe zachilendo. Ndinaitsitsa, iwo anaikankha okha uku ndi uku, anaona, n'kugwedeza mutu.

"Mukuya nkhu na njinga izi?"

"Ku Luwawa, adada," anayankha bambo a mkaka. "Tikagona komweko."

Amuna aja anayang'anana. Nkhani inali yoti malemu anagwa m'bandakucha akupita kukhola, osadwala. Mwana wawo wamwamuna woyamba anali m'nkhalango ya Luwawa, ku msasa wa ocheka matabwa ndi macheka amanja, kumene foni siinkagwira. Popanda iye maliro sakanaikidwa. Wina anati uthengawo ungoperekedwa kwa mmodzi wa a njingawa, poti akupita komweko. Bambo aang'onowo anapukusa mutu.

"Uthenga wa nyifwa satuma mlendo. Mwana akamve za adada ake kwa munthu wa mumsewu? Yayi."

Ine ndinali chiimire, mlendo woposa alendo onse, malaya anga akuwala pakati pa anthu olira. Ndinkafuna nthaka itang'ambika. Kenako gulu la amayi linapatuka, ndipo ndinaona mtsikana uja akubwera, atafunda chitenje kumutu, nkhope yotupa. Sanandiyang'ane. Anagwada patali ndi amunawo, monga mwa mwambo, n'kudikira mpaka bambo aang'ono atatembenukira kwa iye.

"Tumani uyo," anatero, mawu ake osanjenjemera. "Ngwithu."

Chitumbuka changa chinali choperewera, koma mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndi wathu. Ananena pamaso pa amuna a pamudzi, pamaso pa amayi, pamaso pa anthu a njinga osawadziwa, thenga lisanapondepo phazi. Atatero anadzuka n'kubwerera ku siwa.

Bambo aang'ono anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso pamalaya.

"Ndiwe wa malaya achikasu," anatero m'Chichewa chawo cholemera. "Mpando uwo akulu anga ananyamula okha dzulo madzulo. Anati akufuna aone ngati mwana wa ku matabwa amadziwa kutchova."

Anandifunsa ngati msasawo ndikuudziwa. Ndinkaudziwa bwino, kuseri kwa damu, kuwoloka kamtsinje. Ndinkaudziwa chifukwa chaka chonse ndinkauzemba. Achimwene ake a mtsikanayo anali chimunthu cha mapewa ngati chitseko, ndipo ndinali nditamva kuti za ine sankazifuna. Bambo aang'onowo anandipatsa malangizo ngati akuuza mwana wawo: ndisauze munthu panjira, ndikafika ndisakalankhule chiimire, ndikayambe ndakhala pansi, ndipo ndisakatchule imfa. Ndikangonena kuti adada adwala chomene, akufunika kunyumba. Zotsalazo akamva yekha.

Tinadutsa masamba a mbali inayo, aliyense anavala chipewa, mpikisano unayambiranso. Kwa anzanga unali mpikisano womwe uja. Kwa ine sindikudziwa kuti ndiutche chiyani.

Ku Embangweni anzanga anaima kumwa chindongwa, thobwa la kumeneko, chimene amayi ankagawa m'makapu. Ine ndinamwa kapu imodzi phazi lina lili papedulo. Kuchoka apo mpaka pa Jenda msewu unali wa mabampu okhaokha, ndipo popeza pa Kapitawo sungaimirire n'kupumitsa miyendo, bampu lililonse linkandipeza pachishalo. Dzuwa linafika paliwombo. Magazi a pachigongono anauma pamodzi ndi fumbi. Ndinkadutsa anthu osafuna n'kuwadutsa komwe, ena akundikuwa kuti wachikasu wapenga.

Bambo a mkaka sanandisiye. Sanandifunse kanthu, ngakhale anamva zonse. Ankangofika pambali panga, n'kusenda mbatata ndi mano, n'kundipatsira m'manja tonse tikuyenda. Titalowa pa tala n'kuyamba kukwera mapiri, minofu ya kuntchafu inandikokana moti ndinakuwa. Iwo anaika dzanja pamsana panga n'kundikankha mpaka pamwamba pa chitunda, munthu woti akanatha kundibala.

"Ndapota, osatsika," ankatero. "Mukatsika miyendo iyo siidzavomeranso."

Pamitsetse ya kumeneko m'pamene ndinalira. Anzanga ankapumitsa miyendo n'kumawongola misana, ine miyendo ikungozungulira, mphepo yozizira ikuumitsa misozi isanafike pachibwano. Ndinkalira munthu amene sindinamuonepo nkhope, amene miyezi yonseyi ndinkamutukwanira mumtima, amene ananyamula yekha mpando kuti adzandione. Koma ndisaname, chimwemwe chinaliponso. Mawu aja ankazungulira limodzi ndi mapedulo, ngwithu, ngwithu, ndipo ndinkachita manyazi kuti mtima umodzi womwewo ukulira n'kumasekereranso. Mpaka lero sindinathe kuzilekanitsa ziwirizi.

Fungo la paini linatilandira dzuwa litapendeka. Tinasiya tala n'kulowa msewu wa dothi lofiira umene ndinkaudziwa ngati khonde la kwathu. Pafupi ndi damu okonza mpikisano anali atamanga chingwe, anthu ataunjikana, wenzulo ikulira. Ndinamva ena a kuntchito kwathu akufuula kuti Kapitawo wafika. Chingwecho chisanafike pali kanjira kolowera kumanzere, ndipo ine ndinakhotera komweko. Kumbuyo kunabuka phokoso loti ndasochera, ndibwerere. Ndinamva mawu a bambo a mkaka akuwakalipira kuti andisiye. Sindinawaonenso bambo amenewo, ndipo sindinawathokoze n'komwe. Zimenezi zimandiwawa ndikadya mbatata yowotcha.

Kumsasa ndinapeza akumaliza ntchito ya tsikulo. Matabwa aawisi anali atasanjidwa kuti aume, utsi ukutuluka m'tizisakasa ta makungwa. Achimwene aja anali pamwamba pa chigogo, akukoka sowo, mnzawo ali m'dzenje pansi. Nditatsika pa njinga miyendo inkafunabe kuzungulira, moti ndinagwada osafuna. Ndinakwawira pa chitsa, ndinakhala, ndinavula chipewa, n'kudikira.

Anandiona, anasiya sowo, anatsika. Anadzipukuta utuchi kumaso n'kudzakhala pa chitsa china moyang'anizana nane.

"Monire."

"Yewo," ndinatero. "Ndachokera ku Edingeni. Adada adwala chomene. Mukufunika kunyumba."

Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana chipewa chimene ndinkachipotokola m'manja.

"Aluta?" anafunsa, kutanthauza kuti apita.

Ndinawerama. Chimunthu chija chinagwira mutu ndi manja onse awiri n'kulira ngati mwana, ndipo anzake anasiya zonse n'kubwera kudzakhala pansi motizungulira. Wina anathamanga kukaimitsa lole imene inkapakira matabwa kutsidya kwa kamtsinje. Patapita nthawi anapukuta m'maso ndi malaya, ndipo m'pamene anandiyang'ana bwinobwino koyamba.

"Wakutumani ndani?"

"Adada aang'ono."

"Adada aang'ono satuma mlendo." Anatsinzinira diso limodzi. "Imwe ndimwe anjani?"

Panjira ponse ndinali nditakonza mawu a uthenga, koma funso ili sindinalikonzekere. Ndikanatha kunena kuti ndine wa pa makina, kapena wa mpikisano.

"Ndine mlamu wanu."

Anzake anayang'ana pansi. Iye anayang'ana malaya anga, amene tsopano anali ofiira ndi dothi kuposa achikasu. Anayang'ana chigongono. Anayang'ana njinga ili gone pa utuchi, yopanda mabuleki, n'kufunsa ngati ndachokeradi kumudzi lero lomwe pa chinthu chimenecho. Ndinavomera. Kenako anatambasula dzanja kumbuyo, anatenga mbale ya chinangwa chophika imene anamusungira anzake, n'kuiika pamaondo panga.

"Mulamu, mwarya?"

Ndinadya ndikulira, iye akumanga kachikwama kake. Tinakwera lole ija tonse awiri, Kapitawo atagona pamwamba pa matabwa. Mpikisano unapitirira m'mawa mwake popanda ine, ndipo sindinafunsepo kuti anapambana ndani. Kumanda anandiimika kumbali ya abale. Thenga linapita mvula itagwa, ndipo silinabwezedwe.

Papita zaka zambiri. Akabaza a pa boma ambiri anagula njinga zamoto, ndipo zimenezo pamasamba zimangochepetsa phokoso, munthu satsika. Mapaini ambiri anadulidwa, ena anapsa, ndipo ine ntchito ya matabwa ndinaisiya. Mtsikana wa pakhonde uja tsopano amasoka atavala magalasi, ndipo amandinenabe kuti a Chewa pakamwa sitisowa. Malaya achikasu anatha n'kusanduka chopukutira makina ake. Ana anandigulira filiwilo yatsopano, ili m'kabati m'pepala lake lomwe.

Maondo sandilolanso maulendo ataliatali, koma pakatha kukolola ndimapalasabe kupita ku Edingeni. Pamtsetse paja ndimayamba kubweza miyendo ndikadali pa tchalitchi. Ndikayandikira muwanga ndimatsika ndi kuvula chipewa, ngakhale pamsewu palibe tsamba ndi limodzi lomwe. Anthu a pamudzipo anazolowera, safunsanso. Njinga sindiinyamulanso paphewa. Ndimaikankha pang'onopang'ono, mapedulo akuzungulira okha, kuti apongozi anga akwereko mpaka tidutse mtengowo.